Labu yoyeza magazi a anthu osadwala: singano yawo ndaikonda, pepala lawo ayi

Labu imene ndimakayezetsako magazi ili ndi anamwino a dzanja lopepuka, makina odalirika, komanso pepala la zotsatira limene lingamusowetse munthu tulo popanda chifukwa. Dzina lake sinditchula, popeza malabu ambiri oima paokha amagulitsa malonda omwewa m'njira yomweyi. Pachikwangwani amalemba kuti amaunika thupi lonse. Umapita uli bwinobwino, amakutenga magazi, mawa lake zotsatira zimalowa pa foni, basi athana nawe. Kwa amene akufuna yankho lalifupi, nali: pitani, koma musagule mndandanda waukulu wa zoyeza, ndipo pepalalo musalitsegule usiku muli nokha.

Ine ndili ndi chifukwa chopitira. Mayi anga anawapeza ndi shuga impso zitayamba kale kufooka, ndipo zaka zonsezo sankamva kupweteka paliponse. Ndadutsa zaka 45 ndipo thupi lawonjezera. Matenda a shuga, a impso, a chiwindi ndiponso kuchuluka kwa mafuta m'magazi zimayenda mwakachetechete kwa zaka zambiri, ukamadzamva kanthu zimakhala zafika patali. Choncho sindikutsutsa zoyezetsa. Ndikutsutsa kagulitsidwe kake.

Polandirira alendo pali mindandanda itatu, waung'ono, wapakati ndi waukulu, ndipo mtsikana wa pamenepo amayambira pa waukulu nthawi zonse. Ndi waulemu ndipo sakakamiza. Koma safunsa matenda a m'banja mwanu, safunsa chimene chakubweretsa, safunsa mankhwala amene ukumwa. Mnyamata wa zaka 25 ndi agogo a zaka 70 akhoza kutuluka atayezedwa zinthu zofanana ndendende, ngati kuti matupi awo ali ndi nkhawa imodzi. Funso la mankhwalalo si laling'ono. Timapilisi tambiri tokongoletsa tsitsi ndi zikhadabo timakhala ndi vitamini wotchedwa biotin wochuluka, ndipo mu 2017 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linachenjeza kuti biotin amasokoneza zoyeza zina za m'labu, kuphatikizapo choyeza chimene madokotala amadalira pofufuza matenda a mtima. Zoyeza chithokomiro zimasokonezekanso, mpaka munthu wabwinobwino kuoneka ngati chithokomiro chake chikugwira ntchito mopitirira. Fomu yawo ili ndi malo olembapo nambala ya foni ziwiri, koma ilibe mzere wolembapo mankhwala.

Uthenga umene amatumiza dzulo lake ndi wabwino, ndiwayamikire. Umanena kuti osadya kwa maola 8 mpaka 12, madzi kumwa ndithu, ndipo mankhwala a tsiku ndi tsiku osasiya pokhapokha dokotala atanena. Madziwo amathandiza kuti mtsempha uoneke msanga. Akadangowonjezera zinthu ziwiri. Choyamba, si zoyeza zonse zimene zimafuna njala: kuwerenga maselo a magazi ndi HbA1c (choyeza shuga wa miyezi yapitayo) sizifuna, ndiye munthu amene wabwerera zimenezo zokha akuvutika chabe. Chachiwiri, masewera olimbitsa thupi amphamvu dzulo lake akhoza kukweza manambala ena a minofu amene amawerengedwanso pa impso ndi chiwindi.

M'chipinda chotengera magazi ndi mmene labuyi imandigwira mtima. Namwino amakhala ndi fomu yako m'manja, koma amafunsabe kuti, “Mayi, dzina lanu lonse ndi tsiku lobadwa?” Kenako amamata timapepala ta dzina pa timabotolo uli pomwepo, n'kukuonetsa kuti uwerenge wekha. Anthu ena pamzere zimawakwiyitsa, amati akutaya nthawi. Ine ayi. Makina akhoza kukhala abwino chotani, ngati botolo lako lalembedwa dzina la mnzako wa pabenchi, upatsidwa matenda ake ndipo iye apita kwawo akusangalala ndi thanzi lako.

Lamba womanga pamkono samusiya nthawi yaitali, amamasula magazi akangoyamba kulowa m'botolo. Nditayamba kufumbata ndi kutambasula zala monga tinazolowera, anandiletsa. “Ayi mayi, siyani dzanja lomasuka, mtsempha ndauona kale.” Ndinafunsa chifukwa, ndipo anayankha popanda kunyinyirika. Potassium ndi mchere wina wa m'thupi, ndipo wambiri amakhala m'kati mwa maselo. Kufumbata mobwerezabwereza, lamba wothina nthawi yaitali, kapena kukhutchumula botolo mpaka maselo ofiira kusweka, zonsezi zimatulutsa potassium uja kupita m'madzi a magazi, ndipo makina amawerenga nambala yokwera imene thupi lako lilibe. Potassium wokwera ndi nambala yothamangitsa dokotala chifukwa imakhudza kagundidwe ka mtima, ndiye dzanja la namwino likalakwa pang'ono, umaitanidwa mwadzidzidzi kudzabayidwanso uli ndi mantha. N'chifukwa chake botolo amalitembenuza pang'onopang'ono m'malo molikhutchumula.

Zivundikiro za timabotolo zili ndi mitundu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi ntchito. Chapepo chili ndi mankhwala a EDTA oletsa magazi kuundana, n'cha kuwerenga maselo ndi HbA1c. Chachikasu chimalola magazi kuundana kuti madzi ake apatuke, n'cha impso, chiwindi ndi mafuta. Chotuwa chili ndi fluoride woletsa maselo kudya shuga, n'cha shuga, chifukwa maselo amapitiriza kudya shuga ngakhale ali m'botolo, ndipo magazi akakhalitsa osayezedwa shuga amaoneka wotsika kuposa mmene alili. Amene amadandaula kuti awatha magazi akhazike mtima pansi: botolo lililonse limatenga mamililita ochepa chabe, pamene munthu wamkulu ali ndi pafupifupi malita 5.

Pomaliza amakuuza kuti ukanikize thonje mkono uli wowongoka, osaupinda, kuti pasadzade. Ali ndi bedi la amene amachita chizungulire akaona singano, ndipo amafunsa asanayambe. Amene ndawaona akulipempha ndi azibambo amphamvu, koma imeneyo ndi nkhani ina. Pakhoma pali satifiketi ya ISO 15189, muyezo wa padziko lonse wa malabu a zachipatala. Satifiketi zotere zimakhala ndi mndandanda wa zoyeza zimene zavomerezedwa, osati labu yonse ndi zonse za m'katimo, ndiye si mwano kupempha kuuona.

Tsopano pepala. Limabwera nthawi imene analonjeza, ndi masamba angapo a manambala, ndipo nambala iliyonse yotuluka m'malire imalembedwa mofiira, ndi chilembo H ngati yakwera kapena L ngati yatsika. Palibe chiganizo ngakhale chimodzi chofotokoza. Limafanana ndi lipoti la kusukulu limene aphunzitsi alizunguliza ndi inki yofiira n'kulipereka osalankhula. Langa lomaliza linali ndi zofiira ziwiri: mchere wa m'magazi wotchedwa chloride wopitirira malire ndi nambala imodzi yokha, ndi maselo oyera a mtundu wa neutrophil otsika. Aliyense amene analembapo mawu akuti maselo oyera otsika pa intaneti akudziwa matenda amene amatuluka poyamba.

Chimene pepalalo likadanena pamwamba penipeni ndi ichi. Malire olembedwa pambali pa manambala ambiri sanagwe kumwamba. Amatenga gulu la anthu athanzi, kuwayeza, kenako n'kudula: anthu 95 mwa 100 apakati ndiwo amapanga malirewo, ndipo 5 otsalawo amagwera kunja ngakhale alibe vuto lililonse. Ndiye kuti pa choyeza chilichonse chotere, munthu wathanzi mmodzi mwa 20 apatsidwa chofiira. Ukayezetsa zinthu 20 zosadalirana, mwayi woti chimodzi chifiire umafika pa 64 peresenti. Mndandanda waukulu uli ndi mizere yoposa pamenepo. Mwanjira ina, ukalipira zambiri umagulanso mantha ambiri, ndipo labu ikudziwa masamu amenewa kuposa ine.

Kuonana ndi dokotala sikuli m'mindandanda yonse itatu, n'kolipira pakokha, ndipo sakuuza zimenezi mpaka utafunsa. Ndinapita ndi pepalalo kwa dokotala amene amandiona nthawi zonse, pamodzi ndi mapepala akale amene ndimasunga mu envulopu. Chloride uja anangomuyang'ana n'kudutsa. Pa maselo oyera anatsegula mapepala akalewo n'kundionetsa kuti nambalayo yakhala pomwepo zaka zonse. Anthu ambiri a makolo ochokera ku Africa alibe chizindikiro china cha pa maselo ofiira chotchedwa Duffy, chimene kusowa kwake kumateteza ku malungo a mtundu wa vivax, ndipo anthu otere amakhala ndi ma neutrophil ocheperako m'magazi moyo wawo wonse popanda kudwaladwala kuposa anzawo. Malire amene malabu ambiri amagwiritsa ntchito anatengedwa pa magulu ena a anthu. Nambala imene yangotsika posachedwa, kapena yotsika kwambiri, ndi nkhani ina yofunika kufufuza. Yanga inali chibadwa.

Kenako anaika chala pa nambala yakuda, imene pepala linaipatsa chiphaso. Hemoglobin wanga, chonyamula mpweya m'maselo ofiira, anali 12.2. Malinga ndi WHO, mzimayi wosayembekezera amatengedwa kuti magazi achepa akatsika pa 12, mwamuna pa 13, ndiye 12.2 ali m'kati mwa malire ndipo makina analibe chifukwa chomufiiritsa. Koma pa pepala lapitalo anali 13.6, ndipo kukula kwa maselo ofiira, kumene amalemba kuti MCV, kunali kukutsetsereka nakonso. “Mayi, msambo wasintha? Ukuchuluka kuposa kale?” Unali utasintha, ndipo kutopa kwa masana ndinkangoti ndi ntchito. Anandilembera ferritin, choyeza ayironi wosungidwa m'thupi, ndipo anapezeka wotsika. Nkhokwe ya ayironi imayamba kutha hemoglobin asanagwe, ndiye munthu akhoza kukhala wofooka pepala likunena kuti zonse zili bwino. Ferritin ameneyu sanali m'mndandanda umene ndinagula. Anandiuzanso kuti ferritin amakwera munthu akamadwala kapena thupi likatupa kwina, choncho ndi bwino kumuyeza uli bwino, ndiponso kuti mwamuna kapena mayi wosiya msambo akapezeka ndi ayironi wochepa, samangomupatsa mapilisi, amafufuza ngati akutaya magazi m'mimba kapena m'matumbo.

Nkhaniyi inakhudzanso shuga, chimene chinandipititsa poyamba. HbA1c amayeza shuga amene wamatirira ku hemoglobin, ndipo popeza selo lofiira limakhala ndi moyo masiku pafupifupi 120, nambalayo imaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, osati m'mawa umenewo wokha. Mu 2011 WHO inavomereza kuti 6.5 peresenti kapena kuposa pamenepo igwiritsidwe ntchito popeza matenda a shuga, ndipo bungwe la American Diabetes Association limatenga 5.7 mpaka 6.4 ngati chenjezo. Wanga anali 5.8. Koma kuchepa kwa ayironi kukhoza kukweza HbA1c monamiza, monga mmene matenda a sickle cell, kuikidwa magazi posachedwa ndiponso mimba zimamusokonezera m'njira zawo. Dokotala anayang'ana shuga wa m'mawa usanadye, amene malire ake a matenda ndi 7.0 mmol/L, anaona kuti wanga ali kutali ndi pamenepo, n'kunena kuti HbA1c tidzabwereze ayironi akabwerera m'malo. Manambala awiriwa anali pa masamba osiyana a pepala limodzi, ndipo palibe chimene chinawalumikiza kupatula munthu wowadziwa.

Apa ndi pamene dandaulo langa lalikulu lili. Labuyi ili ndi zotsatira zanga zonse zakale m'kompyuta yawo. Kuika nambala yapitayo pambali pa yatsopano si ntchito yolemetsa, ndipo n'kumene kukanaonetsa kutsika kwa hemoglobin kuja. M'malo mwake pepala lililonse limabwera ngati kuti wabadwa dzulo.

Tina ting'onoting'ono ta pa pepalalo ndidutse msanga. Shuga amalemba mu mmol/L, pamene timakina tambiri toyezera kunyumba timaonetsa mg/dL. Kuchulukitsa ndi 18 kumasintha yoyambayo kukhala yachiwiri, ndiye 7.0 ndi 126, ndipo mzere umodzi wonena zimenezi ukadapulumutsa anthu ambiri ku chisokonezo. Pa impso achita bwino: amalemba eGFR, nambala yoyerekeza mmene impso zikusefera magazi, osati creatinine yekha, chinyalala chimene impso zimachotsa, ndipo anachotsa mzere wachiwiri umene unkakweza nambala ya anthu akuda, mogwirizana ndi kawerengedwe katsopano ka mu 2021. Koma salemba kuti eGFR wotsika pa 60 amatengedwa ngati matenda a impso okhalitsa pokhapokha akakhala choncho miyezi itatu, kapena kuti kwa munthu woopa shuga monga ine, kuyeza puloteni ya albumin mu mkodzo kumagwira vuto la impso msanga kuposa magazi.

Chimene chimadulitsa mndandanda waukulu ndi zoyeza zimene amazitcha zofufuza khansa, monga CA-125 kwa amayi, CEA kwa onse ndi PSA kwa abambo. Mawu akuti khansa amatsegula chikwama cha aliyense. Koma CA-125 ndi CEA ntchito yawo yaikulu ndi kutsatira munthu amene wapezeka kale ndi khansa kapena amene ali ndi zizindikiro, osati kusefa anthu athanzi. CA-125 amakwera ndi msambo, mimba ndi zotupa wamba za m'chiberekero, ndipo akhoza kukhala wabwinobwino khansa ilipo. Mnzanga wina anagula mndandanda waukuluwo, wake anatuluka wofiira pang'ono, ndipo anayenda m'zipinda za masikani akulephera kudya, mpaka anamuuza kuti ndi zotupa wamba zimene ankadziwa kale kuti ali nazo. PSA, wa khansa ya prostate, ali ndi malo ake, koma ngakhale ku America malangizo a mu 2018 a US Preventive Services Task Force amati abambo a zaka 55 mpaka 69 asankhe atakambirana ndi dokotala ubwino ndi kuipa kwake. Kukambirana kumeneko sikuchitika pa kauntala.

Ndinenenso chimene labu iliyonse singalembe pachikwangwani. Bungwe la Cochrane linasonkhanitsa kafukufuku wa kuunika thupi kwa anthu akuluakulu osadwala, ndipo mu 2019, litaphatikiza zotsatira za anthu opitirira 250,000, linapeza kuti kuunika kotere sikuchepetsa imfa mooneka, ngakhale za mtima kapena za khansa. Ndinaziwerenga ndili kale kasitomala wawo, ndipo sindinasiye kupita. Chifukwa chake n'chakuti kafukufukuyo akunena za kuitana aliyense kudzayezedwa chilichonse. Kuyeza chinthu chimene uli ndi chifukwa chochiopera ndi nkhani yosiyana: shuga kwa amene ali nawo m'banja kapena onenepa amene adutsa zaka 35, impso kwa amene ali ndi BP, shuga kapena akumwa mankhwala amene amafuna kuyang'anira impso, mafuta a m'magazi pa zaka 4 mpaka 6 zilizonse kwa wamkulu wathanzi monga American Heart Association imalangizira. Hepatitis B, nthenda ya chiwindi, nayenso ndi woyenera kuyezetsa ngakhale kamodzi pa moyo, popeza WHO inawerengera kuti mu 2022 anthu 254 miliyoni anali naye wokhalitsa, ambiri osadziwa. Palibe pa zimenezi chimene chimafuna mizere yonse ya mndandanda waukulu chaka ndi chaka.

Chodabwitsa n'chakuti pa kuunika thupi lonse kumeneku palibe amene anandiyeza BP. Sanandikweze pa sikelo, sanandiyeze m'chiuno. BP sioneka m'botolo la magazi, kuyeza kwake kumatenga mphindi zochepa, ndipo WHO imati pafupifupi theka la akuluakulu amene ali nayo sadziwa. Munthu akhoza kutuluka ndi pepala lopanda chofiira ngakhale chimodzi, n'kumadziona wathanzi, BP ili m'mwamba. Nditafunsa, namwino anatulutsa makina m'kabati n'kundiyeza mosavuta. Ndiye alipo, amangodikira wofunsa.

Pa chinsinsi achita mbali ina bwino, mbali ina ayi. Pepala limabwera lokhoma, umalitsegula ndi nambala yako, ndipo HIV sayeza popanda kukhala nawe pansi kaye. Koma pa kauntala amawerenga mokweza zonse zimene wasankha, anthu a pabenchi akumva, ndipo ndinaona bambo wina akuyankha motsitsa mawu pamene mtsikanayo akubwereza mokweza kuti atsimikize. Kapepala koti munthu aloze ndi chala kakadathetsa zimenezi.

Ulendo wotsatira sindisankha pa mindandanda yawo. Amalola kugula choyeza chimodzichimodzi, ngakhale kuti sazilengeza, ndiye ndidzapita ndi kalata ya dokotala yolembedwa zimene tagwirizana: kuwerenga maselo, ferritin, HbA1c pamodzi ndi shuga wa m'mawa, creatinine ndi albumin wa mu mkodzo. Mafuta a m'magazi anali bwino, adikire nthawi yawo. Ndidzapitanso ku labu yomweyi, chifukwa makina ndi njira zoyezera zimasiyana pang'ono pakati pa malabu ndipo manambala amayerekezeka bwino akachokera pamodzi. Za manambala akale ndinafunsa woyang'anira labu, ndipo anati kompyuta yawo imatha kuwaika m'mizere yoyandikana, koma pepala lotero amatumiza kwa madokotala okha. Amene alemba dzina la dokotala wake pa fomu, dokotalayo amalilandira, ndipo wodwala akalipempha pa kauntala amamusindikizira.